Dzina la a Gwape m'Nyimbo ya Bowa

Padangokhala, nthawi ija nyama zidatopa ndi kudziwa zinthu popanda wozivomereza, zidamanga sukulu ya kafukufuku n'kuyamba kupatsana maudindo. A Mvuu adakhala mkulu wa sukulu, chifukwa pa msonkhano panalibe wina wotha kukhala pansi nthawi yaitali kuposa iwo. Pansi pawo panali mapulofesa, pansi pa mapulofesa panali madokotala, ndipo pansi penipeni panali ongoyamba kumene, amene ankafufuza.

Nyama sizinkalemba. Chinthu chikapezeka ankachiimba. A Chule, woimba wa sukulu, ankayamba ndi mayina a eni ntchito, kenaka n'kunena chimene chapezekacho, ndipo achule onse a m'dziko ankaitenga nyimboyo n'kuifalitsa m'nyengo ya mvula. Dzina loyamba a Chule ankalikoka mpaka khosi kutupa. Lachiwiri ankalidula pakati. Lachitatu ankalimva okhala pafupi okha. Pamenepo mpweya unkawathera, ndipo mayina onse otsala ankangowameza pamodzi m'mawu akuti ndi anzawo. Nyimbo ikaimbidwa pagulu, dzina silinkasunthidwanso. N'chifukwa chake pa sukulupo ankalimbirana malo oyamba kuposa madzi a m'chilimwe.

Mmodzi mwa ongoyamba kumene anali Sakhwi, kamtsikana ka mphuno yaitali yosakhazikika. Ankagwira ntchito ndi a Gwape, dokotala wokalamba amene komiti ya sukulu idaiwala kuwakweza. Awiriwa ankafufuza bowa wa mapasa. Bowa ameneyu ankamera awiriawiri, ofanana ngati maso, wina wokhutitsa wina wakupha, ndipo chaka cha njala ankapulula mabanja. A Gwape sankadzitcha mphunzitsi. Ankangoyenda ndi Sakhwi, akapeza bowa n'kumufunsa chimene akuona, kenaka n'kudikira. Ankadikira ndithu, ngakhale mwanayo alankhule zopusa, mpaka zopusazo zithe zanzeru ziyambe.

Mvula ili pakati adapeza chizindikiro chosiyanitsa mapasawo. A Gwape adalawa okha, namuletsa Sakhwi kuyamba. Adati lamulo lakale la sukulu limanena kuti mwini dzina loyamba ndiye woyamba kulawa. Bowa adawakhutitsa. Adadyanso kangapo, Sakhwi naye adadya, onse osamva kanthu. Koma a Gwape anali ndi chifuwa cha zaka zambiri, ndipo chaka chimenecho chidakula. Adagona, Sakhwi akuwatungira madzi ndi kuwatembenuza. Mwa akuluakulu a sukulu palibe adabwera kudzazonda matenda. Adabwera pa maliro, onse, ndipo adalankhula bwino kwambiri. Pulofesa Nyani adafika potamanda malemu chifukwa chosunga lamulo lakale la kulawa, nati m'badwo uno ulitsate. Palibe adafunsa chimene chidawapha.

Sakhwi adatsala ndi nsengwa ya bowa womaliza amene a Gwape adazula. Adamufutsa n'kumusunga.

Chaka chomwecho adokowe, alendo a kutsidya kwa nyanja amene ankathandiza sukuluyo, adasiya mawu pochoka. Adati wofufuza wamng'ono aliyense akhale ndi phungu, monga namwali akhalira ndi womutsogolera, ndipo iwo akadzabwera ndi mvula adzafuna kumva nyimbo yoonetsa zipatso za uphunguwo. A Mvuu adakhazikitsa komiti. Komiti idakhala, idadya, idapeza kuti chaka chonsecho pa sukulu padapezeka chinthu chimodzi chokha, cha bowa, ndipo mwini wake anali kumanda.

Pamenepo akuluakulu onse adagwidwa chisoni ndi umasiye wa Sakhwi. Adagwirizana kuti mwana sangasiyidwe wopanda mwini, ndipo phungu amene amutenge atengenso malo oyamba m'nyimbo, poti wakufa dzina salifuna.

Sakhwi sankawafuna malowo. Ankafuna kuti khosi la a Chule lidzatupe ndi dzina la a Gwape, kamodzi kokha, pakuti nkhalambayo idagwira ntchito moyo wake wonse ili m'kati mwa ndi anzawo.

Phungu woyamba adali Pulofesa Nyani. Adamuuza Sakhwi kuti phunziro loyamba ndi kudzichepetsa, lachiwiri ndi kumvetsera, ndipo lachitatu adzamuuza akadzakhwima. Kudzichepetsa ankakuphunzira powatola nsabwe kumsana. Kumvetsera ankakuphunzira nthawi yomweyo, chifukwa a Nyani ankamusimbira mbiri ya moyo wawo kuyambira ali kumsana kwa amayi awo. Za bowa adafunsa funso limodzi, loti kodi mawu akuti bowa angalowe bwino pambuyo pa dzina lawo.

Adaitanitsa a Chule kuti ayeserere. A Chule adakoka dzina la a Nyani mpaka khosi kutupa, mwini wake atatsinzina akugwedeza mutu. Nyimbo itatha, a Nyani adati abwereze, poti malekezero sadawamve bwino.

M'mawa mwake Sakhwi adafika ndi nsengwa, nagwada, naivundukula.

"Ichi n'chiyani, mwana iwe?"

"Bowa uja, bambo. Ndimati mulawiretu, kuti pa tsiku la alendo m'kamwa mudzakhale mutazolowera."

A Nyani adafunsa kuti akulawiranji. Sakhwi adawakumbutsa lamulo lija, ndipo adalinena m'mawu awo omwe a pa maliro, osaphonya ngakhale pamene adapumira. A Nyani adayang'ana nsengwa.

"Malemu adalawa?"

"Adalawa, bambo."

"Liti?"

"Mvula ili pakati."

"Nanga paja tidawaika liti?"

"Mvula isanathe, bambo. Mudalankhula ndinu."

A Nyani adadzikanda pamimba. Adakumbukira kuti luso lawo lenileni ndi zinthu za m'mwamba, zobala m'mitengo, ndipo zomera pansi zili ndi eni ake. Adati phungu wabwino amadziwa pamene nzeru zake zalekezera, ndipo limenelo ndilo phunziro lachitatu lija. Tsiku lomwelo adamubweza ku komiti ndi mawu oyamikira.

Phungu wachiwiri adali Dokotala Khwangwala, wa kolala yoyera yosachoka m'khosi. Iwowa ankakhalira kuuluka ku misonkhano ya kutali. Uphungu wawo unkachitika ali m'malere: ankadutsa pamwamba, n'kugwetsa mawu ngati akuti ulimbikire, kapena akuti uziganiza mozama, n'kupitirira. Sakhwi iwo ankamutcha kuti Mbewa. Mwanayo atawauza mwaulemu kuti iye si mbewa, adayankha kuti zikomo, Mbewa, adzakumbukira.

A Chule adayesereranso. Adakoka dzina la a Khwangwala mpaka khosi kutupa, koma mwini wake adadandaula kuti maudindo awo sadatchulidwe. Atawaonjezera, mpweya udathera pa dzina loyamba lomwelo, ndipo a Khwangwala adati tsopano nyimbo yakhala bwino.

Sakhwi adadikira ndi nsengwa mpaka tsiku lina adawapeza atatera. A Khwangwala adali atamva kale za a Nyani, ndipo adaseka. Adati m'maiko amene iwo ayendamo akuluakulu salawa okha, amatuma. Adati wodzalawa ndiye Mbewa, pamaso pa alendo, ndipo umenewo udzakhala mwayi wake woonekera.

Sakhwi adagwada, naomba m'manja, nathokoza. Adathokozanso. Adathokoza makolo a a Khwangwala ndi maiko onse amene adawaphunzitsa. Adapitiriza mpaka a Khwangwala adapendeketsa mutu.

"Ukuthokoza chiyani chomwechi, Mbewa?"

"Malo oyamba, bambo. Sindinkayembekeza. Gulu likadzaona ndikulawa ine, lidzadziwa kuti dzina loyamba ndi langa, poti lamulo lija onse adalimva pa maliro. Inu mudzabwera pambuyo panga. A Chule amadula pakati, koma musadandaule. Theka la dzina lanu ndi lalitalibe."

A Khwangwala imfa ankatha kuiganizira. Kutsatira Mbewa m'nyimbo sankatha. Adakumbukira kuti akuyembekezedwa ku msonkhano wina wokambirana za kulera ofufuza achichepere, ndipo adauluka asanatsanzike.

Kwa phungu wachitatu Sakhwi sadachite kutumizidwa. Adabwera okha. Adali Mayi Nsato, pulofesa wolankhula motsitsa, ndipo dzina la Sakhwi ankalidziwa. Adamutcha mng'ono wawo. Adati amuna aja amuvutitsa mokwanira, ndipo akazi pa sukulu ngati iyi ayenera kusungana. Akulankhula adamukumbatira, pang'ono chabe, mkombero umodzi. Ophunzira awo akale onse ankanenedwa zabwino pa sukulupo, ngakhale panalibe wodziwa kumene adapita.

A Chule atayeserera, dzina la a Nsato lidatsetsereka m'khosi mopanda chokhumudwitsa, ngati lidabadwira pamalopo. Sakhwi adamva mantha koyamba.

Adabwera nayobe nsengwa. Mayi Nsato adaiyang'ana n'kumwetulira. Adati iwo adamezapo zinthu za nyanga ndi ziboda, ndipo bowayu adzamumeza pamodzi ndi nsengwa yomwe, alendo akuona. Adaonjezera mkombero wina, mwachikondi.

"Amuna aja unawathamangitsa ndi nkhani ya mvula," adatero. "Ine ndikufunsa zina, mng'ono wanga. Iwe unalipo. Anapita bwanji?"

Chiikireni maliro panalibe amene adamufunsapo funso limenelo. Sakhwi adali atakonza yankho lochenjera, koma lidamuthawa. Adangonena zimene adaona.

"Sankabuula, mayi. Mpweya ndi umene unkachepa. Akatulutsa, wolowa unkalowa wochepa, ngati pali chinthu chawazinga m'nthiti, chikudikira kuti atulutse kuti chimange. Akatulutsanso, chimanganso. Maso ali poyera, akundiona, akudziwa zonse. Pomaliza ankangotsegula pakamwa, osalowa kanthu."

Imfa imeneyo Mayi Nsato ankaidziwa bwino. Adaipereka kwa ambiri, koma nthawi zonse iwo ali kunja kwake. Sadaganizepo kuti ili ndi m'kati. Sadafunse ngati chomangacho chinali bowa kapena china. Mkombero woyamba udamasuka, wachiwiri udatsatira. Patapita nthawi adanena motsitsa kuti ntchito imeneyi ikufuna phungu wa mpata wambiri, ndipo adachoka osamukumbatira.

Sakhwi adakhala pomwepo ndi nsengwa yake. Msampha umenewu sadachite kuutchera, ndipo sadakondwe kuti wagwira.

Mitambo idayamba kusonkhana, ndipo mbiri idafika yoti adokowe ali m'njira. Komiti idakhala mwadzidzidzi. Malo oyamba, amene kale ankachititsa nyama kusalankhulana, tsopano aliyense ankapatsa mnzake mwaulemu. A Nyani adati a Mvuu ndiwo mutu wa sukulu. A Mvuu adati mutu sulanda ntchito ya ziwalo. Wina adati nyimboyo ingosiyidwa, koma adakumbutsidwa kuti palibe ina, kupatula ya chaka chatha yonena kuti madzi amatsika kumunsi, imene alendo adaimva kale.

Sakhwi adaitanidwa ku msonkhanowo monga woimira ofufuza achichepere, ndipo ntchito yake inali yoperekera madzi akumwa. Atafika pa a Mvuu, amene ankaodzera, adalankhula chapansipansi ngati akudziyankhulira yekha. Adati koma ndiye n'zachisoni kuti amene adalawa kale ali kumanda, poti iwo okha ndiwo bowa sangawaphenso.

A Mvuu adayasamula kwambiri, natsegula maso, nalengeza kuti pamene enawo amakangana iwo amalingalira. Adati malo oyamba apatsidwe kwa malemu. Choyamba, malemu adalawa kale, ndiye lamulo lakwaniritsidwa. Chachiwiri, bowayo akadzapulula mudzi, mlandu udzapita kumanda, kumene sukulu ilibe ofesi. Komiti idaomba m'manja. A Nyani adati nzeru zotere sizigwa kawirikawiri.

Kenaka wina adafunsa ngati mwini dzina lachiwiri amalawa. Adafufuza m'mitu mwawo, napeza kuti lamulo silinena. Pomwepo ulemu uja udatha. A Mvuu adatenga malo achiwiri chifukwa cha lingaliro lawo. A Nyani adatenga achitatu chifukwa adamuumba mwanayo kuyambira pa chiyambi. A Khwangwala adatulukira kuchokera ku msonkhano wa kutali uja ali wefuwefu, koma adapeza malo omveka atatha, ndipo adaikidwa m'kati mwa ndi anzawo. Mayi Nsato adati iwo awasiye, osawaika paliponse. Palibe adamvetsa chifukwa chake, ndipo palibe adawakakamiza.

Kumapeto a Chule adafunsa za Sakhwi. A Mvuu adati nayenso ali momwemo mwa ndi anzawo, ndipo asadandaule, akadali mwana, adzakula.

Adokowe adafika ndi mvula yoyamba. Nyama zidasonkhana. A Nyani adalankhula za zipatso za uphungu, namuimiritsa Sakhwi kuti alendo amuone. Adati pa sukulu zina wophunzira amavutika kupeza phungu mmodzi, koma uyu wapatsidwa atatu chaka chimodzi. Adokowe adagwedeza milomo yawo yaitali mokhutira.

Ndipo a Chule adaimirira, nakoka mpweya.

Adayamba ndi dzina la a Gwape. Adalikoka pang'onopang'ono, khosi likutupa, mpaka lidafika kumapeto kwa gulu, kumene kunkaima ongoyamba kumene ndi otunga madzi. Linali dzina lalifupi, ndiye mpweya udalikwanira n'kutsalako, ndipo a Chule sadafulumire kulisiya. Sakhwi ankayesa kuti adzakondwa. Adangoima, ndipo mphuno yake yosakhazikika ija idakhala bata. Kenaka padabwera theka la a Mvuu, kanthu kena ka a Nyani, ndi mawu aja omeza onse otsala. Idatsatira nkhani ya mapasa ndi chizindikiro chake, momveka bwino. Nyimbo isanathe, achule a kutali adali ataitenga kale, ndipo dzinalo linkabwerera kuchokera mbali zonse.

Tsopano silikanasunthidwanso.

Sakhwi adakhala pansi pamaso pa gulu, navundukula nsengwa, nayamba kudya. Amene anali pafupi adafutuka. Adadya mosafulumira, mmodzimmodzi, poti ameneyu anali bowa womaliza amene a Gwape adamugwira ndi manja awo. Akuluakulu adamuyang'ana m'nthiti, kudikira. Adamaliza, nakutumula nsengwa, napukuta pakamwa. Mpweya unkalowa ndi kutuluka monga mwa masiku onse.

A Nyani adasendera pafupi, nafunsa monong'ona kuti alendo asamve.

"Mwana iwe, nanga malemu chidawapha n'chiyani?"

"Chifuwa, bambo. Adakhosomola zaka. Ndinkayesa mumamva, poti khoma la ofesi yanu ndi yawo linali limodzi."

A Nyani adati ankamva ndithu, koma ankayesa ndi a Chule akuyeserera.

A Khwangwala adalamula kuti nyimboyo iimbidwenso ndi mayina okonzedwa bwino. A Chule adapepesa, nati iwo angathe kubwereza, koma achibale awo onse a m'madambo ndani akawatseke pakamwa. Mayi Nsato adamuyang'ana Sakhwi nthawi yaitali, kenaka adaweramitsa mutu pang'ono n'kuchoka.

Mmodzi wa adokowe adafunsa kuti kamtsikana kolimba mtima kadya bowa kaja ndi ndani. A Mvuu adati dzina lawathawa pang'ono, koma ndi chipatso cha ndondomeko ya uphungu. Alendo adakondwa kwambiri. Komiti idagamula kuti ndondomekoyo ipitirire, ndipo chaka chotsatira wophunzira aliyense adzapatsidwe aphungu anayi.

Chaka chimenecho kudali njala, koma bowa wa mapasa sadaphe munthu. Ana ankazula akuimba, ndipo ambiri ankangodziwa dzina loyamba ndi chizindikiro, zapakatizo n'kumangong'ung'udza.

Sakhwi sadakwezedwe. Mpaka lero mvula ikayamba mudzamuona akuthamanga m'kanjira kake, kenaka n'kuima mwadzidzidzi, mphuno ili m'mwamba, pamene achule ayamba kuimba. Amamvetsera dzina loyamba mpaka lithe. Likatha amathamanganso, osadikira otsalawo.

Pamene adalowera Sakhwi, nthano nayo idalowera pomwepo.